Kusunga korali wa elegance m'thanki ya kunyumba: zoyenera kuchita kuti asakufereni

Pa makorali onse (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera) ogulitsidwa m'mashopu a nsomba za m'nyanja ya mchere, elegance ndiye amene amaimitsa munthu. Akafutukuka, pakati pake pamaoneka mizeremizere yobiriwira, ndipo timanja take titalititali timathera ndi nsonga zapinki, zapepo kapena zoyera. Ambiri amamuyesa anemone, chamoyo chofewa cha m'nyanja chooneka ngati duwa, koma ayi, uyu ndi korali wachigoba cholimba. Asayansi amamutchula kuti Catalaphyllia jardinei. William Saville-Kent ndiye anayamba kumulemba mu 1893 pamene ankafufuza za Great Barrier Reef ku Australia, ndipo mu 1971 John Wells anamuika mu mtundu wakewake polemekeza René Catala, amene anayambitsa akwariyamu (malo oonetsera zamoyo za m'madzi) ya ku Nouméa ku New Caledonia.

Kale korali ameneyu ankadziwika kuti ndi wopirira, woyenera munthu wongoyamba kumene. Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ma elegance ochokera ku Indonesia anayamba kufa m'mathanki a anthu odziwa bwino ntchito yawo, madzi ali bwinobwino, makorali ena onse ali gwa. Pakati ankatupa, timanja tinkafota, kenako mnofu unkasiyana ndi chigoba. Matendawa anapatsidwa dzina lakuti Elegance Coral Syndrome, mwachidule ECS. Eric Borneman wa ku America anawafufuza m'zaka za m'ma 2000 ndipo anapeza kuti ndi opatsirana: elegance wathanzi akakhala m'madzi amodzi ndi wodwala, nayenso amadwala, pamene makorali a mitundu ina sakhudzidwa. Mankhwala odalirika sanapezeke.

N'chifukwa chake malangizo awa achulukitsa za kushopu ndi za masabata oyambirira. Elegance wobwera ali wathanzi savuta kwenikweni. Wobwera ndi matenda, ngakhale mutagula zipangizo zodula bwanji, n'kovuta kumupulumutsa.

Gawo loyamba: thanki ikhwime kaye

Musaike elegance m'thanki yatsopano. Dikirani miyezi 6, ndipo chaka chathunthu ndiye bwino koposa. Nthawi imeneyi si yongodikira kuti tizilombo tabwino toyeretsa madzi tichuluke, ndi yanunso, kuti mudziwe khalidwe la thanki yanu: madzi ochuluka bwanji amauma pa tsiku, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) imatsika bwanji pa sabata, kutentha kumafika pati masana.

Kukula kwa thanki kuganiziridwe poyang'ana korali atafutukuka, osati chigoba chake. Chigoba chokwana m'dzanja chimatha kutulutsa mnofu wotambalala masentimita 20 kapena 30. Thanki ya malita 200 kupita m'tsogolo ndiyo yabwino, ndipo pansi pake pakhale bwalo la mchenga lopanda miyala.

Amene munasungapo mbuna za m'nyanja ya Malawi muli poyambira pabwino, chifukwa mukudziwa kale kuyeza madzi ndi kuwasintha. Kungoti mbuna zimakhululuka mukadumphitsa sabata, pamene korali sakhululuka.

Gawo lachiwiri: kusankha kushopu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Musapite ndi ndalama m'manja tsiku limene katundu wafika. Korali wongotsika m'ndege sasonyeza chilichonse, wathanzi ndi wodwala onse amakhala atanyala. Pemphani wogulitsa akusungireni, ngakhale zitafunika kupereka kachikole, ndipo mubwerenso pakatha masabata 2 kapena 3. Wogulitsa wokana zimenezi musiyeni ndi korali wake.

Funsani kumene wachokera. Osunga makorali ambiri aona kuti ma elegance a ku Australia, makamaka a ku Queensland, amakhalitsa kusiyana ndi a ku Indonesia. Sikuti aliyense wa ku Indonesia ndi wodwala, kapena kuti wa ku Australia sangafe. Vuto lina n'lakuti makorali amasakanizidwa m'mathanki a ogulitsa m'pikulitsa, ndiye wa ku Australia akagonera m'madzi amodzi ndi wodwala, dzina la dziko silimuthandizanso. Choncho funso lachiwiri ndi lakuti: m'madzi amene alimo muno mwadutsa ma elegance angati, ndipo ena aja anapita kuti? Mashopu ambiri amalumikiza mathanki angapo ku sefa imodzi. Yendani muone mathanki onsewo. Mukaona elegance mmodzi wotupa kapena wofota pa mzere womwewo, musagule aliyense, ngakhale wokongola chotani.

Mukapeza kachidutswa kodulidwa kwa korali amene wakhala zaka m'thanki ya munthu wina, gulani kameneko. Kazolowera kale moyo wa m'galasi, ndipo simukuchotsa china m'nyanja. Mu 2008 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika elegance m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo, ndipo pa pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire la CITES, iye ali pa mndandanda wotchedwa Appendix II pamodzi ndi makorali onse achigoba. Tanthauzo lake n'lakuti kumudutsitsa malire a dziko kumafuna chilolezo. Muli ku Johannesburg kapena ku Manchester, gulani kwa wogulitsa amene katundu wake analowa mwalamulo, ndipo musayerekeze kumunyamula m'chikwama popita kwanu. Malonda amenewa amasinthasintha: dziko la Indonesia linaimitsa kutumiza makorali kunja kuyambira mu 2018 mpaka kuchiyambi kwa 2020.

Tsopano muyang'aneni mwachifatse. Timanja tikhale titalititali, todzaza madzi, tikugwedezeka momasuka. Pakati pasatupe kuposa timanja. Elegance wodwala nthawi zina amakopa kwambiri wosadziwa, chifukwa pakati pamafufuma, mitundu imawala, timanja tili tifupitifupi m'mbali. Ameneyo si wonenepa, ndi wodwala. Timilomo tikhale totseka, osati tayasama kuonetsa zam'kati. Suzumirani m'mbali mwa chigoba: mnofu uzifika mpaka pa mlomo wa chigoba ndi kupindikira kunja pang'ono. Mukaona mano oyera a chigoba atatulukira, kapena malo amene mnofu wabwerera m'mbuyo ndere n'kumera, ndiye kuti zinthu zinayamba kale kulakwika. Ulusi woyera wonanda pamwamba pa korali ndi chizindikiro choipa.

Yeso lomaliza ndi la chakudya. Pemphani wogulitsa aponye kachidutswa ka shrimp pa timanja. Elegance wathanzi amakagwira nthawi yomweyo, timanja n'kupindika kukapereka kukamwa. Chakudya chikangotsetsereka n'kugwa pansi, ndiye kuti mphamvu yoluma yatha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira za ECS.

Onaninso kunsi kwa chigoba. Chosongoka chimasonyeza kuti koraliyo ankakhala payekha pa mchenga kapena m'matope. Chodulidwa mosalala ndi macheka chimasonyeza kuti anachotsedwa pa korali wamkulu. Zonse n'zabwino, bola bala la wodulidwayo likhale litapola, mnofu utakuta m'mbali.

Gawo lachitatu: kunyamula ndi kumuika payekha

Ma elegance ambiri amavulala pa mphindi imene akutulutsidwa m'madzi. Mnofu wake umakhala utamwa madzi ambiri, ndipo pansi pake pali mano akuthwa a chigoba. Mukamukweza m'mwamba ali wofutukuka, kulemera kwa madziwo kumakokera mnofu pa manowo n'kuung'amba. Muuzeni wogulitsa amukupize pang'onopang'ono ndi dzanja m'madzi mpaka atanyala, amugwire kunsi kwa chigoba, ndipo thumba alilowetse m'madzi momwemo kuti korali asakhudze mpweya. M'thumba asagubuduke. Ena amamangirira chigoba ku kachidutswa koyandama kuti korali alendewere chadodolido osagunda m'mbali.

Inunso kunyumba valani magolovesi. Elegance amaluma ndithu, ndipo pa khungu lofewa la kumkono amasiya zidzolo zoyabwa.

Musamulowetse m'thanki yaikulu tsiku lomwelo. Nkhuku yogula kumsika sitiiponya m'khola tsiku lomwelo poopa chitopa, ndipo pano nzeru yake ndi yomweyo. Konzeranitu kathanki kapadera ka malita 40 mpaka 60, kokhala ndi hita, kapampu kofooka, nyale yosawala kwambiri ndi kabakuli ka mchenga koikapo korali. Madzi ake afanane ndi a m'thanki yaikulu, ndipo kasefa kake kakhale kokhwima kale, apo ayi ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala zoola, adzakwera. Zipangizo za kathanki aka, monga ndowa, paipi ndi sirinji, zikhale zakezake. Ngati muli kale ndi elegance wina m'thanki yaikulu, gawo ili si loti mungalidumphe n'komwe.

Mukafika, yandamitsani thumba lotseka kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane. Kenako khuthulirani korali ndi madzi ake m'kandowa, n'kumadonthezeramo madzi a m'thanki kudzera m'kapaipi kopyapyala kwa mphindi 30 mpaka 45. Madzi a m'thumba atayeni, asalowe m'thanki. Za kumuviika m'mankhwala opha tizilombo, monga a ayodini, anthu amasiyana maganizo. Ine ndimaona kuti kuviika kwakanthawi, motsata muyezo wolembedwa pa botolo, kumathandiza kuchotsa tinyongolotsi ndi kuyeretsa timabala, koma sikuchiza ECS, ndipo kuwirikiza muyezo poganiza kuti mukuthandiza kumangowotcha mnofu.

Akhale payekha masabata 6 mpaka 8. Masiku oyamba akhoza kukhala wonyala, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chofunika n'chakuti tsiku lililonse azifutukuka kuposa dzulo. Mujambuleni ndi foni pa ola lomwelo tsiku ndi tsiku, chifukwa diso limazolowera ndipo siliona kusintha kwapang'onopang'ono.

Gawo lachinayi: malo ake m'thanki

Kwawo kwa elegance si pamwamba pa matanthwe pamene mafunde amaswekera. Amapezeka m'malo odikha, pa mchenga, m'matope ndi pakati pa udzu wa m'nyanja, nthawi zambiri m'madzi avundu, kuyambira posaya mpaka kuya kwa mamita pafupifupi 40. Mukakumbukira zimenezi, zambiri za malo ake zimadzilongosola zokha.

Muikeni pa mchenga wosalala, kunsi kwa chigoba kutakwiririka, timilomo titayang'ana kumwamba. Mlomo wa chigoba ukhale pamwamba pa mchenga kuti mnofu usakwiririke. Pa mwala ayi. Akafutukuka mnofu umakhuzana ndi mwalawo usana wonse, n'kuchita timabala, ndipo akagwa kuchokera pamwamba chafufumimba usiku, m'mawa mudzapeza zoonongeka. Ngati thanki yanu ilibe mchenga, muikeni m'kabakuli kodzaza mchenga.

Musiyireni mpata wa masentimita 15 mpaka 20 mbali zonse, kuyeza kuchokera pamene timanja timafika atafutukuka. Makorali amalumana akayandikana, ndipo pa nkhondo imeneyi elegance amapambana ambiri.

Kuwala kukhale kwapakatikati kapena kocheperapo. Kwa amene muli ndi mita yoyezera PAR (kuchuluka kwa kuwala kofika pa korali), kapena mungabwereke ku shopu, muyezo wa 50 mpaka 120 pamene pali korali ndi wokwanira. Nyale za LED za masiku ano zimanamiza diso: zimaoneka zofatsa koma zili ndi mphamvu. Yambani motsitsa, n'kumakweza pang'ono sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu, maola 8 mpaka 10 pa tsiku. M'mnofu wa korali mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimamupangira chakudya kuchokera ku kuwala. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi amazilavula n'kuyera mbuu. Amene anachokera m'madzi akuya ndiye sachedwa n'komwe.

Kayendedwe ka madzi muziweruza poyang'ana timanja. Tizigwedezeka uku ndi uku mofatsa. Tikagonera mbali imodzi nthawi zonse, kapena mnofu ukamapindikira pa mano a chigoba, pampu yachuluka mphamvu kapena yalunjika pa iye. Itembenuzireni ku galasi. Komanso madzi asaime chilili, chifukwa zinyalala zimaunjikana pakati pa timanja.

Mukamupezera malo, musiyeni. Izi zimamveka zophweka koma ndi zimene zimalephereka kwambiri. Munthu akaona korali wanyala tsiku limodzi amamusuntha, mawa amusunthanso, mkuja atsitsa nyale, kenako amuviika m'mankhwala. Kusuntha kulikonse kumamubweza poyambira, ndiponso ndi mwayi wina woti mnofu ung'ambike. Mukasintha chinthu, sinthani chimodzi, n'kudikira sabata.

Gawo lachisanu: madzi

Manambala ake ndi omwe aja a thanki iliyonse ya makorali. Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 26. Mchere ukhale 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere), omwe ndi magalamu pafupifupi 35 pa kilogalamu ya madzi. Alkalinity ikhale pakati pa 8 ndi 9 dKH (muyezo wa alkalinity), kashiamu 400 mpaka 450 ppm (magawo pa miliyoni), maginiziyamu 1250 mpaka 1350 ppm, ndipo pH (muyezo wa asidi m'madzi) ikhale cha pa 8.1 mpaka 8.3. Ammonia ndi nitrite, poizoni wina wochokera ku ammonia, zisapezeke n'komwe.

Pa zonsezi, yang'anirani kwambiri alkalinity. Nambala yeniyeniyo si nkhani yaikulu, 7.5 yokhazikika imaposa 9 yodumphadumpha. Iyezeni kawiri pa sabata mpaka mutadziwa kuti imatsika bwanji, ndipo ikatsika musaikweze ndi kuposa 0.5 dKH pa tsiku.

Pali cholakwika chimene amachita anthu akhama kwambiri, chofuna madzi oyera kotheratu. Elegance ndi wa m'madzi avundu okhala ndi chakudya. Nitrate ndi phosphate, zimene zimachokera ku chakudya chotsala ndi zonyansa za nsomba, zikafika pa 0, amafwifwa n'kumanyala. Nitrate ya 2 mpaka 10 ppm ndi phosphate ya 0.03 mpaka 0.1 ppm zimamukomera. Ngati mayeso akuonetsa 0, chepetsani zosefa kapena onjezerani chakudya cha nsomba.

Mchere wa kukhitchini sugwira ntchito, pamafunika mchere wopangidwira mathanki a makorali. Madzi osungunulira mcherewo akhale odutsa m'makina oyeretsa madzi kotheratu otchedwa RO/DI, chifukwa a pampopi amakhala ndi klorini ndipo nthawi zina kopa wochokera m'mapaipi, amene ndi poizoni kwa korali. Pa chifukwa chomwecho, mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asayandikire thanki imeneyi. Madzi akauma ndi kutentha, mchere umatsala, choncho obwezeretsa akhale opanda mchere, ndipo muziwathira tsiku lililonse pang'onopang'ono, osati chidebe chonse Loweruka. Sinthani gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi sabata iliyonse kapena pa masabata awiri, atsopanowo atakonzedwa dzulo lake ndipo kutentha ndi mchere zikufanana ndi za m'thanki. Refractometer nayo imasokonekera, muziiyesa ndi madzi a muyezo wodziwika wa 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu).

M'miyezi yotentha thanki ikhoza kudutsa madigiri 28 masana. Kafani kouzira pamwamba pa madzi kamatsitsa digiri imodzi kapena awiri, kungoti madzi amauma msanga.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kudyetsa

Kuwala kokha kumamusunga wamoyo, koma wodyetsedwa amakula bwino ndipo bala lake limapola msanga. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Mupatseni timashrimp tating'ono totchedwa mysis ndi krill, prawn yaiwisi, nkhono za m'nyanja kapena mnofu wa nsomba ya m'nyanja ya mchere, zonse zoduladula tizidutswa tosaposa theka la sentimita. Chakudya cha mufiriji chisungunuke kaye m'madzi a m'thanki.

Zimitsani mapampu kwa mphindi 15 mpaka 20. Tengani chakudya ndi sirinji yaikulu yopanda singano, n'kuchitulutsa mofatsa pamwamba pa timanja pafupi ndi timilomo, osamukhudza. Elegance wamkulu ali ndi timilomo tingapo, ndiye gawani. Nthuli yaikulu amaimeza ndithu, inu n'kusangalala, koma usiku amailavula isanagayike ndipo imaola m'thanki.

Nsomba ndi shrimp zikamamulanda chakudya, zidyetseni kaye izo mbali ina. Zikapitiriza, dulani botolo lapulasitiki kunsi, muliboole timabowo, n'kumuvundikira nalo mpaka atameza. Musaiwale kuyatsanso mapampu. Tcherani alamu pa foni.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: okhala naye

Nsomba za mtundu wa butterflyfish ndi ma angelfish ambiri, ngakhale ang'onoang'ono aja, amajompha mnofu wa korali wotere. Peppermint shrimp imafika pong'amba kamwa pofuna chakudya chimene wameza. Ma goby osefa mchenga amamuthira mchenga pamwamba tsiku lonse.

Clownfish ndi nkhani ina. Ikasowa anemone imakhazikika mwa elegance, ndipo kunena zoona n'zokongola kuonera. Korali wamkulu wathanzi nthawi zina amapirira kansomba kakang'ono. Koma clownfish yaikulu yodzikhuza usana ndi usiku imamulepheretsa kufutukuka, ndipo korali watsopano kapena wofooka sangalimbe. Mukaona wayamba kukhala wonyala chifukwa cha iyo, mutchingireni ndi kabasiketi ka pulasitiki kapena chotsani nsombayo.

Naye si wofatsa ayi. Nkhono zotsuka galasi zikagwera mwa iye, ndi tinsomba tating'ono tosachenjera, amadya. Makorali ofewa monga Sarcophyton ndi Sinularia amatulutsa mankhwala m'madzi amene amavutitsa makorali achigoba, choncho ngati muli nawo ikani makala osefera madzi n'kumawasintha mwezi ndi mwezi.

Gawo lachisanu ndi chitatu: magetsi akazima

Kumene magetsi amazimazima, konzekerani musanagule korali. Chimene chimapha msanga si mdima, ndi kutha kwa mpweya m'madzi mapampu akaima. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotchipa ndipo kamapulumutsa thanki. Invetha ndi batire yoyendetsa pampu imodzi ndiye yabwino koposa. Nyale zikhoza kukhala zozima masiku 2 kapena 3 popanda vuto lalikulu. Kukazizira, kutani thanki ndi bulangete, n'kuyandamitsa mabotolo otseka a madzi ofunda. Nthawi imeneyi musadyetse chilichonse.

Gawo lachisanu ndi chinayi: akayamba kuoneka mwachilendo

Choyamba, siyanitsani matenda ndi khalidwe lake lachibadwa. Elegance amanyala pang'ono usiku. Nthawi zina amaphwa kwa maola angapo n'kutulutsa tiulusi tofiirira kukamwa, kumeneko n'kutaya zonyansa chabe. Akafutukukanso tsiku lomwelo kapena mawa lake, palibe mlandu. Akakhala wonyala masiku 3 otsatizana, yezani madzi onse musanachite china chilichonse, kuyambira mchere, kutentha ndi alkalinity. Usiku muunikeni ndi tochi kuti muone ngati pali chimene chikumudya.

Akayera koma timanja tikadali titalititali ndipo akugwirabe chakudya, vuto ndi kuwala kapena kutentha. Uyu amachira. Tsitsani nyale kapena mutchingireni mthunzi, konzani kutentha, ndipo muzimudyetsa tizidutswa tating'ono kawiri kapena katatu pa sabata popeza ndere zomupangira chakudya zachepa. Mtundu umabwerera pakapita masabata kapena miyezi.

Mnofu ukamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kumbali imodzi, fufuzani kumbali imeneyo. Kawirikawiri pamakhala pampu yolunjika, mwala wokhuza, korali woyandikana kapena mchenga wokwirira.

Mukaona zoterera zofiirira zitaphimba mbali ina ya mnofu, amenewo ndi matenda otchedwa brown jelly. Amayambira pa bala, ndipo amathamanga moti korali yense akhoza kutha pa tsiku limodzi kapena awiri. Apa musadikire. Zimitsani mapampu kuti zoterera zisamwazike, chifukwa zimagwiranso makorali ena monga hammer, torch ndi frogspawn. Zikokeni ndi paipi kupita m'ndowa. Muikeni korali m'kabakuli ali m'madzi momwemo, mumutulutse, mutsuke malo owolawo ndi sirinji m'madzi a m'thanki, ndipo mumuviike m'mankhwala a ayodini motsata muyezo. Akatero apite m'kathanki kapadera. Ngati mbali imodzi yatheratu, odziwa amadula chigoba ndi macheka a makorali, kulowa pang'ono m'mnofu wabwino, kuti apulumutse mbali yotsalayo.

ECS imabwera mwa mtundu wina. Pakati pamatupa n'kuwala modabwitsa, timanja timafupika n'kupyapyala, mtundu wake umasintha, chakudya sichimamatiranso, ndipo pamwamba pamayala ulusi woyera. Kenako thupi lonse limafota n'kulowa m'chigoba. Zimenezi zimatenga masabata. Mukaona zizindikiro ziwiri kapena zitatu mwa izi pamodzi, muchotseni msanga m'thanki imene muli elegance wina. M'kathanki kapadera mupatseni kuwala kochepa, madzi oyenda mofatsa ndi osinthidwa pafupipafupi. Alipo amene amayesa mankhwala opha mabakiteriya monga ciprofloxacin, ndipo ena amati anawathandiza. Maganizo anga ndi akuti mankhwala otere asathiridwe m'thanki yaikulu, asagwiritsidwe ntchito popanda uphungu wa dokotala wa ziweto, ndipo madzi ake asatayidwe mwachisawawa, chifukwa ndi mankhwala omwe anthu timadalira kuchipatala ndipo kuwaseweretsa kumalimbitsa mabakiteriya.

Korali akayamba kununkha ndipo mnofu ukusupuka, muchotseni nthawi yomweyo asanaononge madzi. Sinthani madzi ochuluka, ikani makala atsopano, ndipo yezani ammonia masiku angapo otsatira. Kathanki kapadera, hita, pampu, ndowa ndi mapaipi zitsukidwe ndi bulichi wosungunula, zitsukuluzidwe bwino, ziume kotheratu padzuwa, ndipo mchenga wa m'kabakuli utayidwe. Ngati wodwalayo anali m'thanki yaikulu, papite miyezi ingapo musanaikemo elegance wina, ndipo wotsatirayo mukamugule kwina, kumene madzi ake sanakhudzane ndi a woyamba uja.